Ulendo wa ku Kasupe wa ku Yoro

Kwa aphunzitsi: Phunziro lisanayambe, pacikani mapu a dziko lonse lapansi pamalo pamene ana onse angawaone bwino. Ikani cipanda cimodzi pa tebulo, ndipo lembani pa bolodi maina anai awa: Japan, Yoro, Kikusui, Gensho.

Lero tiri ndi ulendo wautali, koma ulendo wace sufuna kamba kapena ndalama. Ufuna makutu ochera bwino ndi maganizo odekha. Tipita ku dziko la Japan kukaona kasupe wamng'ono amene ali pakati pa mitengo m'mbali mwa phiri. Ndi wocepa kotero kuti munthu wa liwiro angathe kumpitirira osamuona. Komabe anthu amati kasupe ameneyu ndiye anacititsa mfumu yaikulu ya dzikolo kucoka ku likulu lace kudzamuona, ndipo kufikira lero, patapita zaka zoposa 1,300, madzi ace akali kutumphuka. Funso limene tiyenda nalo ndi ili: kodi n'ciani cimene casunga kasupe ameneyu nthawi yonseyi?

Yang'anani pa mapu. Ikani cala pa Zambia, muciyendetse cakum'mawa, kuoloka nyanja yaikulu, kupitirira dziko la India ndi la China, kufikira mutapeza zilumba zondondozana ngati uta m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Limenelo ndilo dziko la Japan. Kukula kwace ndi theka cabe la Zambia, koma anthu ace aposa 120 miliyoni. Popeza liri kum'mawa kwathu, dzuwa limayamba kutulukira iwo: pamene inu mulowa m'kalasi nthawi ya 8 koloko m'mawa, kwao imakhala 3 koloko masana, ana anzanu ali pafupi kuweruka. Magawo awiri mwa magawo atatu a dzikolo ndi nkhalango, ndipo zambiri ziri m'mapiri. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzaifuna kutsogoloku.

Cilumba cacikulu koposa zonse cichedwa Honshu. Pakati pace pali cigawo ca Gifu, ndipo kum'mwera cakumadzulo kwa cigawoco kuli tauni yaing'ono yochedwa Yoro. Kumeneko ndiko tirinkupita.

Njira ya ku Kasupe

Kucokera mu mzinda waukulu wa Nagoya tikwera sitima ya pamtunda kufika ku Ogaki. Pamenepo titsika ndi kukwera kasitima kena kamene kayenda mosafulumira pakati pa minda ya mpunga. Dziko la kuno ndi lacidikha, losalala ngati bwalo la mpira, koma ku dzanja lathu lamanja mapiri a Yoro aimirira ngati khoma, ndipo nsonga zace zina zipitirira mamita 800.

Potsika pa siteshoni ya Yoro, kwezani maso. Mudzaona cinthu cimene mucidziwa bwino: zipanda zambirimbiri zolendewera ku denga, zazikulu ndi zazing'ono, zopyapyala m'cuuno monga zathu zomwe. Mwina mufunsa kuti, kodi zipanda zifunanji pa siteshoni ya sitima? Dikirani pang'ono, yankho liri kutsogolo.

Kucoka pa siteshoni njira iyamba kukwera. Tilowa m'munda waukulu wa boma wopumuliramo anthu, umene unatsegulidwa m'caka ca 1880. M'menemo muli mitengo zikwi zingapo yochedwa sakura, imene imacita maluwa oyera mofiirira kumapeto kwa Marichi ndi kuciyambi kwa Epulo. Mulinso mitengo ya momiji, imene masamba ace amafiira ngati makala a moto m'mwezi wa Novembala asanathothoke. Njira yathu itsata kamtsinje ka m'khwawa, ndipo pa kamtsinjeko pali milatho 7. Munthu woyenda pansi kucokera ku siteshoni amatha pafupifupi ola limodzi kuti afike pamwamba, pamene pali mathithi a Yoro. Madzi ace amagwa kucokera pa thanthwe lalitali mamita pafupifupi 30. Kwa inu amene mudziwa Mosi-oa-Tunya, amene kutalika kwace kuposa mamita 100, mathithi awa ndi khanda. Koma anthu a ku Japan amawakonda kwambiri, ndipo mmisiri wochuka wa zithunzi, Hokusai, anawajambula ca m'ma 1830.

Alendo ambiri amathamangira kumene kucokera mkokomo. Ife tisatero. Tisanafike ku mathithi tipatuka, ndi kulowa m'mthunzi wa mitengo ikuluikulu, kumene kuli kacisi wa cipembedzo ca makolo a ku Japan cochedwa Shinto. Polowera pace pali cipata ca mizati iwiri ndi mitanda iwiri pamwamba, copanda citseko. Cipata cotere acichula torii, ndipo cimauza mlendo kuti kuyambira pano malo ndi opatulika. Mwambo wace ndi wakuti munthu awerame pang'ono asanalowe, ndipo atsitse mau. Pa akacisi otere mlendo amasamba dzanja lamanzere, kenaka lamanja, ndipo akafuna kucukuca m'kamwa amathira madzi m'cikhato cace. Sakhudzitsa mlomo ku cotungira cimene anzace adzatungiranso. Ife ndife alendo, cotero ticita monga acitira eni mudzi.

Tsono taonani pansi apo. Pakati pa miyala yobiriwira ndi ndere pali kadziwe kakang'ono ka madzi oyera mbee, kotero kuti timiyala ta pansi tioneka tonse. Palibe mkokomo, palibe thobvu. Madzi angotuluka mwakacetecete pansi pa miyala ndi kutsetsereka kumunsi. Ameneyu ndiye kasupe wathu, dzina lace Kikusui, ndiko kuti madzi a duwa la kiku. Duwa limenelo a ku Japan amaliyesa cizindikiro ca moyo wautali, ndiponso ndilo cizindikiro ca banja lao lacifumu. Tiyeni tikhale pansi pano, timve nthano ya malo ano.

Nthano ya Wotema Nkhuni

Kalekale, m'dziko lino limene panthawiyo linali kuchedwa Mino, munali mnyamata wosauka amene anali kukhala ndi atate ace okalamba. Munda wa mpunga analibe. Tsiku ndi tsiku anali kukwera phiri kukatola nkhuni, ndi kukazigulitsa kuti apeze cakudya ca anthu awiri. Nkhalambayo mphamvu zinali zitaithera, ndipo cinthu cimodzi cokha cimene cinali kuisangalatsa ndico kamowa ka mpunga kochedwa sake. Mnyamatayo anali kuyenda ndi cipanda m'cuuno, kuti ndalama ikatsalako awagulire atate ace pang'ono. Koma masiku ambiri cipandaco cinali kubwerera copanda kanthu, ndipo mtima wace unali kuwawa.

Tsiku lina analowa kutali m'phiri. Anaponda pa mwala wa ndere, naterereka, nagwa cafufumimba. Ali cigonere pamenepo anamva fungo lokoma. Poyang'ana anaona madzi alikutuluka pakati pa miyala. Analawa, ndipo anapeza kuti ndi sake wokoma koposa. Anadzaza cipanda cace nathamangira kunyumba. Atafika anagwada nati, “Atate, landirani ici, ndacipeza kuphiri.” Nkhalambayo inamwa, nkhope yace inawala, ndipo inati, “Mwana wanga, mtima wako ndiwo wakutsogolera kumeneko.” Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo anali kutunga pa kasupeyo masiku onse, ndipo atate ace anakhala mokondwa. Mbiri yace inafika ku likulu. Mfumu inadza kudzaona ndi maso, inayamika mnyamatayo cifukwa ca kusamala kholo lace, nimuika kukhala wolamulira dziko la Mino.

Tsopano mwadziwa cifukwa cace zipanda zilendewera pa siteshoni ija. Koma mvetsani bwino, ananu: nthano iyi siyamikira mowa. Ngwazi yace si nkhalamba yakumwa ija ai, koma mwana amene sanataye kholo lace pamene linasanduka mtolo wolemera.

Zimene Mbiri Inena

Nthano iri ndi nchito yace, mbiri iri ndi yacenso, ndipo mwana wa sukulu ayenera kuphunzira kuzisiyanitsa. Nthano ya wotema nkhuni ipezeka m'buku lochedwa Jikkinsho, la m'caka ca 1252. Koma kuli buku lina lakale koposa, Shoku Nihongi, limene alembi a boma analitsiriza m'caka ca 797, ndipo m'menemo analembamo zocitika za ku nyumba yacifumu caka ndi caka.

Bukulo litiuza kuti m'caka ca 717 dziko la Japan linali kulamulidwa ndi mfumu yaikazi, dzina lace Gensho, imene inakhala pa mpando kuyambira 715 kufikira 724, likulu lace liri ku Nara. M'mwezi wa 9 wa kalendala yao mfumukaziyo inayenda ulendo wa masiku angapo kufika ku Mino, ndipo inapita kukaona kasupe wokongola wa m'mapiri ano. Itabwerera inalengeza kuti inasamba m'manja ndi kumaso ndi madziwo ndipo khungu lace linasalala, ndi kuti pamene panali kupweteka panaleka. Inanenanso zimene inamva kwa anthu, zakuti ena atamwa kapena kusamba madziwo imvi zao zinada ndipo maso ao acizimezime anapenyanso.

Pano pali cinthu cimene muyenera kucidziwa. A ku Japan amawerenga zaka m'magulu, ndipo gulu liri lonse limakhala ndi dzina. Masiku ano dzinalo limasintha pamene mfumu yatsopano yalowa ufumu. Gulu la zaka limene ali nalo tsopano lichedwa Reiwa, ndipo linayamba m'caka ca 2019. Koma kale mfumu inali kutha kusintha dzinalo pakaoneka cinthu codabwitsa. M'mwezi wa 11 wa caka comweco ca 717, Gensho analamula kuti zakazo zichedwe Yoro. Dzinali liri ndi mau awiri: yo, ndiko kuti kulera kapena kusamala, ndi ro, ndiko kuti wokalamba. Yoro ndiko kusamala okalamba.

Ndipo sanalekezere pa dzina lokha. Analamula kuti anthu a zaka 80 ndi kuposapo apatsidwe ulemu ndi mphatso za nsalu ndi cakudya, a zaka 90 alandire zoposapo, ndipo a zaka 100 alandire zoposa onse. Analamula kuti ana ndi adzukulu odziwika ndi kusamala makolo ao alemekezedwe ndi kumasulidwa ku nchito yathangata, ndi kuti amasiye ndi odwala osowa owathandiza apatsidwe cithandizo. Pambuyo pace analamulanso kuti pa tsiku loyamba la nyengo ya maluwa, mbandakuca, anthu a ku Mino azitunga madzi a pa kasupeyo ndi kuwatumiza ku likulu. M'caka ca 740 mfumu ina, dzina lace Shomu, inafikanso ku dera lino.

Kodi mwazindikira kanthu? M'buku la boma lija mulibe wotema nkhuni, mulibe cipanda, ndipo mulibe madzi osanduka mowa. Zimenezo zinalembedwa patapita zaka zoposa 500. Akatswiri a maphunziro a ku Japan anakhala akutsutsana ngakhale pa funso lakuti mfumukaziyo inasamba pa kasupe uyu wa Kikusui kapena pa mathithi aja. Cotero ulendo wa Gensho ndi mbiri, koma mnyamata wa cipanda ndi nthano. Madzi sasanduka mowa, ndipo sadetsa imvi za munthu. Koma musafulumire kunyoza nthano. Anthu anaona kasupe wochedwa kusamala okalamba, ndipo anamupangira nkhani imene mwana ali yense angaikumbukire. Nthanoyo yakhala ngati mpanda wosaoneka wozinga kasupeyo.

Kumene Madziwo Acokera

Tsono tiyeni tifunse funso la sayansi: madzi awa acokera kuti? Kumbukirani nkhalango zija. Dera lino limalandira mvula yoposa kawiri imene imagwa ku Lusaka pa caka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Juni kufikira Seputembala. Mvula ikagwa pa phiri la mitengo, madontho ace amayamba kugunda masamba, ndipo amafika pansi mphamvu itawathera. Pansipo pamakhala masamba oola ndi mizu yolukanalukana, zimene zimamwa madzi monga bulangete. Madziwo sathamanga; amalowa m'dothi pang'onopang'ono, natsikira m'ming'alu ya matanthwe. Poyenda m'mcenga ndi m'timiyala amasefeka, nasiya zinyalala, ndipo amatengako timcere tina ta m'miyala timene timawapatsa kukoma. Akafika pa thanthwe losalola madzi kupyola amatembenukira cammbali, kufikira atapeza potulukira m'mbali mwa phiri. Potulukira pamenepo ndipo tipachula kasupe.

Ulendo wa pansi pa nthaka ndi wocedwa. Madzi amene mumaona lero pa kasupe si mvula ya dzulo ai. Angakhale a miyezi yambiri, kapena zaka, zapitazo. Ndico cifukwa cace kasupe wabwino saphwa m'cilimwe, ndipo madzi ace amamveka ozizira m'nyengo yotentha ndi ofunda m'nyengo yozizira, pakuti pansi pa nthaka kutentha sikusinthasintha monga kunja kuno.

Koma dulani mitengo ya pamwamba pa phiri, ochani udzu ndi masamba, ndipo mudzaona cimene cidzacitika. Mvula idzagunda dothi louma, idzathamangira kumunsi tsiku lomwelo itanyamula nthaka, ndipo pansi sipadzalowa kanthu. Kasupe safa tsiku limodzi. Amayamba kucepa m'mwezi wa Okutobala, caka cina aphwa mu Ogasiti, ndipo potsiriza patsala miyala youma ndi dzina lokha.

Cimene Casunga Kasupe

Tsopano tingathe kuyankha funso lathu lija. Kasupe wa Kikusui wasungidwa ndi zinthu ziwiri: nkhalango ya pamwamba pace, ndi ulemu wa anthu a pansi pace. Pa malo a kacisi munthu sadula mtengo mwacisawawa, sataya zinyalala, ndipo sacapa zobvala. M'caka ca 1985 nthambi ya boma la Japan yoyang'anira za cilengedwe inasankha madzi 100 ochuka a m'dzikolo, ndipo mathithi a Yoro pamodzi ndi kasupeyu anali m'gulu limenelo. Posankha sanayang'ane kuyera kwa madzi kokha. Anayang'ananso ngati anthu okhala pafupi amawasamala. M'caka ca 2017 tauni ya Yoro inacita cikondwerero ca zaka 1,300 cicokere pa ulendo wa Gensho.

Taganizani za nzeru ya anthu amene anamanga pamodzi kasupe ndi nkhalamba m'dzina limodzi. Zonse ziwiri sizicita phokoso. Zonse ziwiri zimapatsa cimene zinasonkhanitsa pang'onopang'ono m'nthawi yaitali, kasupe madzi, nkhalamba nzeru. Ndipo zonse ziwiri munthu amazindikira mtengo wace pamene zapita. Makolo athu anaona cimodzimodzi pamene anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Musayese kuti akasupe ofunika ali ku Japan kokha. Mtsinje wathu wa Zambezi, umene uyenda makilomita oposa 2,500 kukafika ku nyanja, uyambira pa kasupe wamng'ono wa m'nkhalango, m'boma la Ikelenge, ndipo malowo ndi otetezedwa ndi lamulo. Kufupi ndi midzi yambiri kulinso akasupe opanda dzina pa mapu, amene amai anu amatungako pamene zitsime zaphwa. Ena a iwo ali ndi nthano ndi malamulo ace, zimene azidziwa ndi agogo okha. Agogowo akapita osafunsidwa, nthanoyo ipita nao, ndipo mpanda wosaoneka uja ugwa.

Nchito ya M'kalasi

Aphunzitsi, nazi nchito zitatu zimene mungacite ndi ana sabata lino.

Yoyamba: konzani milu iwiri ya dothi yofanana kukula ndi kutsetsereka. Umodzi muuphimbe ndi udzu ndi masamba, wina muusiye poyera. Boolani citini kunsi ndi msomali kuti cikhale ngati mvula, ndipo thirani madzi ofanana pa milu yonse iwiri. Ana aone mulu umene ucotsa madzi amatope, ndipo patapita tsiku limodzi akumbe ndi cala aone umene ukali wonyowa m'kati.

Yaciwiri: mwana ali yense apite kwa munthu wacikulire wa m'mudzi kapena m'komboni mwao. Apereke moni mwaulemu, ayambe wawathandiza kanchito kena monga kutunga madzi kapena kusesa, ndipo pambuyo pace afunse kuti, “Agogo, kodi kale munali kutunga kuti madzi, ndipo malamulo a pamenepo anali otani?” Alembe zimene amva, ndipo m'kalasi musiyanitse pamodzi za nthano ndi za mbiri, monga tacitira ndi nkhani ya ku Yoro.

Yacitatu: ngati kufupi ndi sukulu kuli kasupe, pemphani cilolezo kwa amfumu kapena eni malo, ndipo mupite nao ana. Awerenge mitengo imene iri kumtunda kwace ndi zitsa zimene zatsala. Aone ngati ng'ombe zimaponda potungira, ndiponso ngati cimbudzi kapena dzala ziri kumtunda kwa kasupeyo. Muwakumbutse kuti madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi tizilombo tosaoneka, cotero madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala.

Ananu, yankhani mafunso awa m'makope anu. Kodi dzina lakuti Yoro litanthauzanji? Kodi Gensho anawacitira ciani okalamba m'caka ca 717? Chulani cinthu cimodzi ca m'nthano cimene mulibe m'buku la mbiri. Nanga n'cifukwa ninji kasupe amaphwa mitengo ikadulidwa?

Ulendo wathu wathera pamenepa. Pobwerera kunyumba lero, yang'anani ngati mtsuko wa agogo anu uli ndi madzi. Ngati mulibe, musadikire kutumidwa. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ananu.